Kuwauza Njira Amake Tiwonge

Amake Tiwonge anamwalira mu Okutobala, nthaka ikuotcha mapazi. Dzina lawo linali Ottilia, koma ine sindinkalitchula. Tinakhala ku Sinda zaka zonse za ukwati wathu, tikulima nshawa ndi thonje. M'nyumba mwathu ankayankhula ndi iwo. Ine ndinkavomera.

Kwawo ndi kuseri kwa Vubwi, kufupi ndi malire a Mozambique, mudzi wa Kalowa. Mlongo wawo, alamu anga aLazarus, anabwera ndi mawu a kuchikazi akuti akagone pafupi ndi amayi awo. Sindinatsutse. Munthu ndi wa kwa amake.

Tinapeza kanta, motoka yonyamula katundu, ya bambo wina wa ku Katete, dzina lake Obvious. Bokosi tinalimanga ndi zingwe, pansi pake matayala akale kuti lisamagunde zitsulo. Kumbuyo tinakwera ine, mwana wanga Tiwonge, ndi amayi atatu a kumpingo. ALazarus anakhala kutsogolo.

Tisananyamuke anaimba foni kumudzi.

"Adzukulu ayamba kukumba," anatero. "Manda sagona, alamu. Tiike dzuwa lisanalowe. Mukudziwa zimene amanena kwathu."

Ndinkadziwa. Kwa Kalowa amati dzenje likagona lotsegula, limaitana wina wa banja lomwelo.

Panali mwambo winanso. Maliro akamayenda ulendo wautali amauzidwa njira. Pamtsinje uliwonse ndi pamphambano iliyonse munthu amagogoda bokosi n'kunena pamene tafika, kuti mzimu usatsalire m'njira. Ntchito imeneyi inagwera ine.

"Atate akwanitsa?" Tiwonge anafunsa amalume ake. "Mawu awo a chaka chonse sadzadza mbale."

Pamlatho woyamba ndinagogoda.

"Amake Tiwonge, tikuwoloka."

Ku Katete ndinagogodanso. "Pano ndi pa Katete. Phiri la Mphangwe lija. Tikusiya tala."

Titasiya tala, fumbi linatiphimba. Amayi aja ankaimba nyimbo za maliro atatseka pakamwa ndi zitenje. Tinadutsa minda yopanda kanthu, mapesi atatenthedwa kale, ng'ombe zoonda zitaunjikana pansi pa mtengo umodzi wa mango. Tinadutsa Chadiza dzuwa lisanafike pamutu. Ndinagogoda n'kuwauza.

Kutsogolo kwake msewu umagawikana. Wa kumanzere ndi watsopano, wolambulidwa ndi makina, umazungulira mapiri. Wa kumanja ndi wakale, umakwera m'mapiri momwemo. Obvious anakhotera kumanzere. Ndinamenya denga la motoka mpaka anaima.

"Chavuta n'chiyani, mudala?" anatulutsa mutu pawindo.

"Kumanja."

ALazarus anatsika. "Alamu, njira imeneyo anaisiya. Amayendamo a makala okha."

"Iyi saidziwa."

"Ndani?"

Ndinaloza bokosi. Matenda a shuga anawatseka maso amake Tiwonge msewu watsopanowo usanalambulidwe. Njira imene ankaidziwa ndi ya kumapiri. Ndi imene ndinawatengera pakaliyala ya njinga tsiku limene ankachoka kwawo. Ali akhungu ankaitchula madzulo ambiri, mwala ndi mwala, mtengo ndi mtengo, ngati akupenda mikanda ya kolona.

"Munthu wosaona mumam'tsogolera modziwa iye," ndinatero. "Uku ndiwauza chiyani? Mayina ake sindiwadziwa, iwonso sawadziwa."

"Mungonena kuti tikuwoloka, basi. Mzimu sufunsa mayeso."

Ndinatsika n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu.

Anayankhula zambiri. Obvious anayatsa fodya, anati, "Manje mudala uyu wakhala ngati chitsa. Abwana, ya kumapiri ndi yaifupi ngati milatho ilipo. Ine dizilo ndili nayo, nkhani ndi yanu."

"Atate, chonde," anatero Tiwonge.

Ndinayang'ana mapazi anga.

ALazarus anayang'ana dzuwa. "Tikachedwa, mukawauze nokha achemwali anga aCecilia kumudziko. Ine sindikakuikirani kumbuyo."

Tinakhotera kumanja.

Kanta inakwera ikulira. Msewu unali ngalande ziwiri, pakati udzu wouma ukukwecha pansi pa motoka. Ndinagwira bokosi ndi dzanja limodzi, linalo n'kumagogoda.

"Pano ndi pa mwala uja mumati ukunga mayi wosinja. Ulipo."

"Pano ndi pamene tcheni ya njinga inaduka. Munaseka."

Tiwonge anandiyang'ana. Nkhani imeneyo anali asanaimvepo kwa ine.

Pamwamba pa chitunda chachitali dziko lonse limaoneka. Kum'mwera mapiri a ku Mozambique atandandalika, obiriwira motuwa, ena kuseri kwa ena mpaka maso kutopa. Palibe mudzi, palibe denga la malata. Amayi aja analeka kuimba. Mmodzi anati, "Kodi Zambia imafika konse kuno?"

Pamenepa ndi pamene amake Tiwonge ankapakonda. Ankati kunsi kwake kuli nkhalango ya misuku, ndipo mphepo yake imanunkhira zipatso. Ndinayang'ana kunsiko. Kunali zitsa zakuda, lupsa, ndi utsi wa mauvuni a makala. Matumba atayedzamira m'mbali mwa njira ngati anthu odikira basi.

Ndinagogoda. "Tafika pachitunda. Mapiri alipo. Misuku kulibe. Anadula."

"Atate," Tiwonge ananena motsitsa, "mukanangowauza kuti ilipo."

"Akaifuna n'kuisowa, asochera."

Kutentha kunakula. Tiwonge ananyowetsa chitenje ndi madzi akumwa n'kuyala pabokosi. Ntchentche zinayamba kutitsatira.

Tinatsetsereka kufika pa Namitondo, kamtsinje komaliza. Mlatho unali utagwa, simenti yake itagona chammbali mumchenga. Madzi munalibe. Mikwingwirima ya ngolo inatsikira mumchengamo n'kutulukira tsidya.

Obvious anayendapo ndi mapazi, anapukusa mutu, anabwerera m'motoka. Anaithamangitsa. Tinafika pakati. Matayala akumbuyo anazungulira pamodzimodzi n'kumira mpaka chitsulo chinakhala pamchenga.

Ndinagogoda. "Tili pa Namitondo. Taima pang'ono."

Tinatsitsa bokosi n'kuliika pamthunzi wa mlatho wakugwawo. Tinakumba ndi fosholo imodzi ndi manja. Tinafuna nthambi zoyala pansi pa matayala, koma mitengo kunalibe. Tinayala miyala. Inamira. ALazarus anakwera pachulu kufuna netiweki. Foni inagwira ya ku Mozambique, yosaimbika.

Anatsika. Sanakalipe. Anangoti, "Mwaona, alamu?"

Ndinapitiriza kukumba.

Mithunzi itatalika, kunatulukira ngolo ya ng'ombe ziwiri yodzaza makala. Mwini wake anavula chipewa ataona bokosi. Anatsitsa matumba ake osafunsa zambiri, anasesa m'ngolomo ndi udzu. Obvious anatsala ndi motoka yake.

"Pepani, mudala," anatero. "Ndayesa."

Bokosi linali lalitali kuposa ngolo. Ndinayenda kumbuyo nditaligwira kumapazi. Ng'ombe sizidziwa changu. Dzuwa linali kumbuyo kwathu, ndipo mthunzi wanga unkagwera pabokosi n'kumakwera mpaka pa ng'ombe. ALazarus ankayenda patsogolo, akucheukacheuka kuona pamene latsala.

Kuyambira apa njira ndinkaidziwa yonse. Ndinanena mawu ambiri kuposa amene ndinanena m'zaka zimene anali akhungu. Mlambe wong'ambika ulipo. Chitsime cha pansi pa thanthwe chinauma. Dambo limene munkadula tsekera analima fodya. Sukulu ili ndi malata tsopano. Mkuyu wa pamphambano ulipo, wakula. Tiwonge ankalira mwakachetechete, akuyang'ana chilichonse chimene ndatchula. Iye anabadwira ku Sinda. Njirayi ankaiona koyamba.

Dzuwa linalowa tikuona utsi wa kwa Kalowa.

Tinakumana ndi adzukulu akuchokera kumanda, makasu ali paphewa. Anaima pambali kuti tidutse. Pasiwa anthu anali atachepa. Amayi analandira bokosi ndi kulira, analowa nalo m'nyumba.

Mkulu wawo wa amake Tiwonge, aCecilia, anatuluka ndi ndodo. Ndi amene amasunga mbumba kumeneko. ALazarus anawanong'oneza. ACecilia anandiyang'ana.

"Munawatenga ali ndi maso, mwabwera nawo mumdima," anatero. "Manda agona chifukwa cha inu. Adzukulu aponyamo thunthu la nthochi, koma nthochi si munthu. Mbumba yanga yatha kale, alamu. Atsala ndi ana awa." Analoza Tiwonge ndi ana ena amene anaima pakhonde. "Likaitana, liitana ndani?"

Ndinapempha kulowa. Anapatuka pakhomo.

M'nyumba munali nyali imodzi ndi amayi atakhala mozungulira. Ndinagwada n'kugogoda.

"Amake Tiwonge, tafika kwanu. Palibe pamene ndakusiyani."

Ndinatuluka. Ndinatenga mphasa imene inayedzamira pankhokwe. Kunja kunali kudakali kuwala pang'ono, kokwanira kuona kanjira ka kumsitu.

Tiwonge anandithamangira. "Atate, mukupita kuti?"

"Kumanda."

"Saloleza munthu kugona kumeneko."

"Bwerera kwa amako."

ALazarus anabwera pambuyo pake. "Alamu, inu si wa magazi athu. Dzenje silikudziwani."

"Likafuna munthu, lipeze amene ali pafupi."

ALazarus anagwira Tiwonge paphewa n'kubwerera naye.

Kumanda kokha ndi kumene mitengo inatsala. Pakati pake panali misuku iwiri, zipatso zikadali zaziwisi. Ndinayala mphasa pambali pa dothi lofiira, m'mphepete mwa dzenje. Pansi thunthu la nthochi linkaoneka loyera. Ndinakhala, miyendo yanga kuloza kumudzi, msana kudzenje.

Ndinaganiza kuti m'mawa, asanatsitse bokosi, ndidzagogoda kamodzi kuwauza za misukuyo.