Swichi Pafupi ndi Bafa

Wamagetsi anafika kwa mlongo wake m'mawa n'kupeza bafa latsopano litakhazikidwa kale kuseri kwa nyumba. Linali lalikulu, lokwana anthu asanu, la mtundu uja wotenthetsa madzi lokha. Mlamu wake anali atalizinga ndi matailosi obiriwira. Pakhoma, pafupi kwenikweni ndi m'mphepete mwa bafalo, womanga anasiya kabowo ka swichi, waya atasuzumira panja.

Wamagetsi anaugwira wayawo, n'kuupinda pang'ono ndi chala.

"Alamu, apa swichi sikhala."

"Chavuta n'chiyani? Malo amenewo ndinasankha ndekha. Ndizingotambasula mkono ndili m'madzi, basi."

"Vuto lake ndi lomwelo. Lamulo limati swichi italikirane ndi madzi mita imodzi ndi theka, munthu wonyowa asaifikire. Komanso waya uyu ndi wa m'nyumba. Wakwiriridwa pansi pa matailosi wopanda paipi. Tiyenera kufukula."

Mlamuyo anaseka chikhakhali.

"Inu alamu, ndakuitanani kudzalumikiza magetsi kapena kudzagumula nyumba? Loweruka abwana anga akubwera ndi akazi awo."

Wamagetsi sanali munthu wodziwa kukangana. Ankadziwa kuti akangonyamula chikwama chake, mlamuyo apeza wina wolumikiza mwachangu osafunsa kanthu. Abwanawo alowamo kamodzi n'kumapita. Wolowamo tsiku ndi tsiku akhala mlongo wake, amene msana unkamuvuta chibadwire mwana wachiwiri.

"Talowani m'bafamo," anatero.

Munalibe madzi. Mlamuyo anavula nsapato, n'kulowa ndi thalauza lake la kuntchito, n'kutsamira ngati mwini hotela. Anatambasula mkono, chala chinalowa m'kabowo muja bwinobwino.

"Mwaona? Ndinayeza ine."

"Ndaona. Ndiye tinene kuti madzi akulekezani m'chifuwa, dzanja likudontha, ndipo m'kabowomo mukudutsa magetsi oposa a chitofu chanu."

Chala chija chinabwerera chokha. Koma pakamwa sipanagonje.

"Anzanu sachita mantha chonchi. Mukakana ndiimbira wina."

Mlongo wa wamagetsiyo, amene ankayanika zovala chapafupi, anasiya beseni pansi n'kubwera akupukuta manja m'siketi.

"Achimwene, mundiuze chimodzi. Akalumikiza mmene zililimu, ine mungandilole kulowamo?"

"Ayi."

"Nanga ana?"

"Ngakhale galu."

Mayiyo sanafunsenso. Anatsegula chikwama cha mchimwene wake, n'kusolola hamala, n'kugwada pomwe waya analowera pansi. Tailosi loyamba linakana kawiri, kachitatu linasweka pakati.

"Mayi, mwapenga kodi?" anakuwa mwamuna wake ali chikhalire m'bafa.

"Abwana anuwo adzakhala pakhonde. Mipando tili nayo."

Wamagetsi anatenga hamalayo m'manja mwa mlongo wake mofatsa, chifukwa anali atayamba kulasa tailosi losafunika kuswa. Analemba ndi choko mzere wa ngalande, kuchokera pabafa mpaka pangodya ya nyumba, pomwe swichi ikanaonekera koma mkono sukanafika.

Mlamuyo anautsatira mzerewo ndi maso.

"Aphwanyika angati?"

"Asanu ndi anayi. Ndipo pafunika buleka yodula yokha magetsi akangokhudza madzi."

"Loweruka lisanafike?"

"Mukatuluka m'menemo n'kukatenga khasu, mwina."

Anatuluka, n'kuyamba kufunafuna nsapato.