Chimbalangondo mu Filiji ya Mudzi

M'mudzi mwathu, kufupi ndi mzinda wa Ulm, mu 1986 tinkagwiritsabe ntchito filiji ya mudzi wonse. Kanali kanyumba kuseri kwa tchalitchi, banja lililonse ndi kabati yake, ndipo makiyi ndinkasunga ine. N'chifukwa chake nkhani ya a Vinzenz Haberkorn ndimaidziwa bwino.

A Vinzenz atapuma ntchito ya kupositi anayamba kutolera zidole zakale za zimbalangondo. Zinakwana makumi atatu ndi chimodzi, zitandandalika m'chipinda chimene ana awo anasiya. Akazi awo, mayi Walburga, ankaluka majuzi, ndipo mdani wawo padziko lapansi anali njenjete basi. Chaka china chidole china chinabwera ndi njenjete m'mimba, zinadya juzi ya mdzukulu asanaivale n'komwe. Tsiku lomwelo lamulo linagwa: chidole chatsopano chisalowenso m'nyumba, ndipo njenjete ikadzaonekanso ngakhale imodzi, zonsezo zipita kudzala.

A Vinzenz anapirira zaka zitatu. Kenako Lachitatu lina anandipeza ndikusesa pakhomo pa kanyumba kaja, atakolekera phukusi m'khwapa. Anandinong'oneza kuti apeza chimbalangondo china pamsika wa zakale, cha linunda ngati la ng'ombe, manja aataliatali, ndipo mtima unakana kuchisiya. Koma m'khwapa mwa chidolecho anaonamo timabowo ta njenjete. Anamva kuti kuzizira kumapha njenjete, ndiye anachikulunga m'pepala la kubutchala kuti mayi akatsegula kabati asazindikire. Lamulungu kunkabwera mayi Rehfuss a ku Ulm, katswiri woyeza zidole zotere, ndipo a Vinzenz anakonza zodzawazembetsa kuno nkhomaliro ikatha.

Ndinawafunsa ngati analembapo kanthu paphukusipo. Anati kulemba bodza sangathe. Anangoliika m'kabati yawo, pambali pa phukusi la nyama ya tsekwe.

Loweruka mayi Walburga anabwera kudzatenga tsekwe wa alendo. Anatuluka ndi phukusi la miyendo iwiri yotukuka, akudandaula kuti atsekwe a masiku ano ndi opepuka ngati nthenga zokhazokha. Ine ndinayang'ana tsache langa. Za m'kabati ya eni sindilowerera.

Lamulungu basi imabwera imodzi yokha, m'mawa, choncho mayi Rehfuss anafika moto usanayatsidwe. Nanenso ndinaitanidwa kunkhomaliro kwa a Haberkorn, poti ndimakhala ndekha. Tinkamwa khofi kukhitchini pamene mayi Walburga ananyamula phukusi lija, limene linagona m'mbale kuti lisungunuke, n'kulipendeketsa kuti aliike m'chiwaya.

Tsekwe analira ngati mwana wa ng'ombe.

Mayi Walburga anaima kaye. Kenako anamasula chingwe pang'onopang'ono, n'kutsegula pepala. M'chiwayamo, pakati pa maapozi ndi anyezi, munagona chimbalangondo chofiirira, manja m'mwamba.

"Bambo," anatero mayiwo mofatsa, "tsekwe wanuyu tiyambe tamumyula ubweya, kapena mudya choncho?"

Amene anadzuka ndi mayi Rehfuss. Anapukuta m'manja, anavala magalasi, n'kuchitulutsa chidolecho m'chiwaya ngati akulandira khanda. Za mlandu wa m'nyumbamo analibe nazo ntchito. Anachinunkhiza pamutu n'kugwedeza mutu kuti sichinachapidwepo. Anachifinya pamimba, tinamva zopalapala za matabwa zikuchita tswatswa m'kati. Diso anagogoda nalo padzino lawo kuti amve ngati ndi lagalasi. Anazunguza manja ndi miyendo, anayang'ana ulusi wapamphuno, n'kuchipendeketsanso, chinaliranso. Anati n'chakale kuposa aliyense wa ife, ndipo n'zosowa kupeza chidole chotere chimene mawu ake olira sanathe. Ubweya wapamphumi unaperepeseka, koma anati zimenezo ndi zala za mwana amene ankagona nacho, wina asayerekeze kukonzapo.

Kenako anachikweza dzanja, n'kutolapo kanthu koyera ngati kambewu ka mpunga.

Mayi Walburga anakadziwa asanauzidwe. Anafunsa ngati njenjetezo zili moyo. A Vinzenz anayang'ana mlendoyo ndi maso opempha, koma mayi Rehfuss sanali munthu wokometsa mawu. Anati masiku atatu ndi ochepa, mazira angakhale adakali moyo, ndipo chidolecho chagona m'nyumba muno usiku wonse.

A Vinzenz anadzuka mwakachetechete n'kunena kuti akukatenga matumba okatayira zidole zonse. Anangopempha kuti kudzalako apite okha, ndiponso kuti kamodzi kakang'ono, kamene kanali ka malemu mchemwali wawo, akapereke kwa ine.

"Takhalani pansi, inu," anatero mayi Walburga. Anatembenukira kwa mlendo. "Mwati masiku atatu ndi ochepa. Okwanira ndi angati?"

Mayi Rehfuss anafotokoza kuti milungu iwiri, kenako kuchitulutsa masiku angapo kuti mazira otsala aziyesa kwatentha n'kuswa, n'kuchibwezeranso milungu ina iwiri. Zikatero sipatsala kanthu.

"Ndi mazira omwe?"

"Ndi mazira omwe, mayi."

"Nanga ulusi woluka majuzi?"

"Chimodzimodzi."

Mayi Walburga anakhala pampando. Anati zaka makumi anayi akhala akuthira mankhwala onunkha m'mabokosi mpaka amuna awo kumanunkha ngati sutikesi, chonsecho mankhwala enieni ali kuseri kwa tchalitchi, pafupi ndi soseji. Anayang'ana a Vinzenz nthawi yaitali, n'kuwauza kuti matumbawo akatengedi, ndi wilibala yomwe.

Tinapita maulendo anayi. Kuti zimbalangondo zonse ndi ulusi zikwane, nyama ya m'kabati ya a Haberkorn inatuluka, ya m'kabati yanga inatulukanso. Anthu akuchokera ku Misa anatipeza tikugawa soseji pakhomo. Tsekwe weniweni tinamupeza ali gwa ngati mwala, choncho mlendo wa ku Ulm anadya soseji ndi mbatata.

Tikutseka kabati, a Vinzenz anafunsa mwamantha kuti zikatuluka mwezi wamawa, kunyumba zibwerera zingati.

"Makumi atatu ndi ziwiri," anayankha mayi Walburga. "Koma chaka chilichonse zizibwera kuno kudzazizidwa. Ndipo tsiku lina mukadzandibisiranso kanthu, a Vinzenz, mudzalowa nazo limodzi."