Chaka Chimene Gideoni Anakhala Chete

Sukulu ya mishoni itangofika ku Chezi ankalowamo aliyense, ana ndi andevu omwe. Gideoni anapezeka pa chipika chimodzi ndi amalume ake, a Elia, amene anamulera kuyambira pamene bambo ake anapita ku Halale osabwerako. A Elia ankafunitsitsa kudziwerengera okha Baibulo, koma zilembo zinkangowazunguza mutu.

Mayeso a masiku amenewo anali apakamwa. Mphunzitsi, a Solomoni, akafunsa a Elia n'kulephera, funso linkagwera woyandikana nawo. Nanga mwana woleredwa bwino angayankhe chimene chakanika amalume ake, anthu akuona? Gideoni ankangozyolika, yankho lili kukamwa. Chaka chathunthu a Solomoni ankalemba m'buku la sukulu kuti walephera, chonsecho akudziwa bwino lomwe chimene chinkachitika. Ine mpaka lero zimandipsetsa mtima.

A Elia atagwa ulesi n'kubwerera ku khasu, Gideoni anamasuka. Zaka zitatu zotsatira panalibe womuposa, kaya pa masamu kaya pa katekisimu, ndipo mudzi wonse unayamba kumutchula kuti aphunzitsi asanaugwire n'komwe choko.

Kenaka kunabwera mzungu wa ku mishoni, pabulu, kudzasankha wopita ku sukulu ya aphunzitsi. Malo anali amodzi okha, opikisana awiri: Gideoni ndi Benjamini wa ku Kasakula, amene sanakhalepo woyamba koma sanagwepo. A Elia anabwera atabwereka jekete, atanyamula mphasa yatsopano yoti mphwawo azikagonapo kusukuluko, nakhala kutsogolo kwenikweni.

Mzunguyo anayamba kuwerenga buku la sukulu lija patsamba loyamba, ndipo anakhalitsa pomwepo. Anati uphunzitsi umafuna munthu wokhazikika, poti wogona chaka chathunthu akhoza kudzagonanso. A Solomoni anangotsokomola, nayang'ana a Elia. Ndiye mzunguyo anatembenukira kwa mwini wake.

"Gideoni, chinachitika n'chiyani chaka choyamba?"

Kunena zoona kukanatenga mawu ochepa chabe, ndipo malowo akanakhala ake. Koma a Elia anali pomwepo, akumwetulira, akudikira kumva mphwawo akuyankha mzungu.

"Ndinali waulesi, bwana."

Anatenga Benjamini.

Pobwerera, potsika chitunda cha kumudzi, Gideoni analephera kudzigwira, misozi inangoyenda yokha. Zinali zomvetsa chisoni kuona mnyamata wamkulu chotero akulira mumsewu masanasana. A Elia anatula mphasa pansi namugwira paphewa, nawonso maso ali ofiira.

"Usadzida, mphwanga. Si ulesi ayi, wadzinamizira. Mutu wouma ndi wa kumtundu kwathu, watengera ine. Mawa ndikupatsa ndime yako kudimba."

Gideoni anapukuta nkhope ndi mkono.

"Zikomo, amalume."