Tsache la a Jailos

Chiperoni chikatsika m'phiri la Mulanje, ngakhale dzanja lako umachita kulifunafuna. M'nkhungu yoteroyo Dyna ankayenda ndi kambale ka nyemba za kalongonda, kupita kugeti la esiteti ya tiyi kumene bambo ake, a Jailos, anakhala pansi ndi tsache pamiyendo. Linali tsiku lakhumi ndi chisanu asanadye kanthu.

Nkhani yake inali yochepa, abale inu. Manda a mkazi wawo, a Lily, anatsekeredwa mkati esiteti itamanga mpanda wa waya. Mkuluyu, munthu woti anathyola tiyi pamenepo zaka makumi anayi, anangopempha kukasesa. Manijala wachizungu anawayankha ali m'galimoto: "Anguru inu mulibe malo kuno. Kwanu ndi ku Mozambique." Chonsecho galu wa mzunguyo anaikidwa mkati momwemo, chiliza chake chopaka laimu, maluwa akuthiriridwa m'mawa uliwonse. Galu, ati!

"Ndidzadya ndikasesa," anatero a Jailos tsiku limenelo, n'kukhala pansi.

Dyna anagwada, navundukula kambale. "Ababa, lawaniko. Ndaphika monga ankaphikira amayi."

Maso awo anali kuseri kwa waya. "Taona amako, mzere wachitatu uwo," ananong'ona. "Dengu kumsana. Akuimba m'Chilomwe, sukumva?"

Dyna anayang'ana. Mitengo ya tiyi inkangoyandama m'nkhungu, kuoneka, kusowa, kuonekanso. Mwina inali mphepo pawaya, koma nayenso anamva kanyimbo. Mtima unamuwawa, ndipo anakwiya kwambiri.

"Mukufuna kundisiya ndekha chifukwa cha masamba ogwera pamanda? Amayi safuna tsache. Ine ndikufuna bambo!"

"Si masamba, mwanawe," anatero a Jailos. "Pakamera thengo adzati panalibe munthu."

Masana nkhungu itayera, Dyna atabwerera kunyumba, mlonda wa pageti anapeza a Jailos atatsamira geti, akumwetulira, atazizira kale. Tsache anachita kulisolola m'zala zawo.

M'mawa mwake palibe anathyola tiyi. Madengu anangoti mbwee m'mizere. Anthu anabwera kuchokera ku Chitakale, ku Chinakanaka, ena mpaka ku Chonde, naima ndi bokosi la maliro pageti, osaimba, osayankhula. Mzungu uja anatulukira pakhonde, naona khamulo, nabwerera m'nyumba. Mlonda anatulutsa kiyi, natsegula. Kageti komweko, kotsegula mphindi imodzi!

Dyna anatsogola ndi tsache. Anadutsa pachiliza cha galu osacheuka. Okumba manda anadikira ndi makasu awo pamene iye ankazula udzu pamanda a mayi ake, kusesa pang'onopang'ono, mpaka dothi lofiira linaonekera. Chiperoni chinayambanso kutsika, chikuphimba anthu mmodzimmodzi.

Kenako anagwada pambali pa bokosi, naikapo kambale kaja.

"Ababa, ndasesa," anatero. "Idyani tsopano."