Mandimu a Harrison

Eunice anavuula diresi m'ndowa ndi kamtengo, nkulifinya. Madzi anatsika akuda bii, koma nsaluyo inangotsala mbuu ngati phulusa. Aka kanali kachiwiri kulinyika, ndipo mchere anathiramo wokwanira, monga amachitira amayi ake kwawo ku Thyolo akamanyika nsalu ya thonje.

"Mwaona?" anatero Hellen, mlongo wake wa malemu mwamuna wake, ataima pakhomo manja ali m'chiuno. "Ngakhale nsalu ikukana. Ikudziwa kuti mwini wakeyo sakulira."

"Alamu, ndi nailoni iyi. Simamwa dayi msanga."

"Nanga zala za mlongo wanga zinamwa chiyani?"

Nkhani inagona pamenepo. Harrison, mwamuna wa Eunice, anali msodzi wa ku Sanga, ndipo chifuwa chinamugoneka kuyambira nthawi ya dzinja mpaka kumutenga. Osambitsa maliro anapeza nsonga za zala zake zili bii. Munthu amene sanakhudze khoka miyezi yonseyo, zala zide bwanji? Hellen sanafune kumva zina: mkazi wobwerayu, mwana wa anthu obwera kudzacheka mphira ku esiteti, anamudyetsa kanthu. Mawa lake linali tsiku lometa, pomwe abale amayenera kugamula ngati namfedwa akhale panyumba ndi ana ake kapena anyamule katundu yekha, ana atsale. Kukaima pamaso pawo ndi diresi lotuwa, mmalo mwa lakuda la maliro, kunali kudziweruza wekha.

Chovala china chooneka analibe. Zinazo zinali nsanza, kupatula nsalu ya chipani, ndipo ndani m'dziko muno akanayerekeza kunyika nkhope ya mtsogoleri m'madzi akuda? Diresilo, lotanuka ngati mphira, Harrison anabwera nalo kuchokera ku Joni lili loyera. Ankati likamugwira thupi mkazi wake, ngakhale abusa amaiwala ndime.

Eunice anakhala pamwala nkuyamba kulira. Sankalirira Hellen ayi. Ankalira chifukwa anatopa, komanso chifukwa munthu yekhayo amene akanamuikira kumbuyo anali m'manda.

Timothy, mkulu wake wa Harrison, anatulukira kuchokera kunyanja atanyamula nkhafi. Ameneyu sankayankhula zambiri, koma mawa mawu omaliza anali ake.

"Chavuta nchiyani, alamu?"

"Chakana, bambo."

Eunice analitembenuza diresi lija kuti aliyanike, ndipo mpamene anaona. Mkati mwa mpendero, malo otalika ngati chikhatho, nsalu inali yakuda bii, kuda kozama kosiyana ndi kwina konse. Anapala ndi chikhadabo. Anathira madzi, nkutikita ndi sopo. Osasuluka ngakhale pang'ono.

Timothy anatsamiritsa nkhafi kukhoma, nkutenga diresilo. Anakoka mpenderowo, nsalu inatanuka, koma kuda kuja sikunang'ambike: kunalowa mpaka m'kati mwa ulusi.

"Uku si kunyika kwa lero," anatero pang'onopang'ono. "Dayi ameneyu munamugula liti?"

"Sindinagule. Ndinamupeza pa denga la kuchipinda, pepala lili lotsegula kale. Ndimayesa wotsala pa makoka."

"Kodi m'bale wangayu anapempha mandimu?"

Eunice anamuyang'ana. Inde anapempha, sabata yomaliza ija. Anati ndi a chifuwa, ndipo anamutuma kutali, kwa anthu a ku Tukombo, dengu lonse. Tsiku linalo anamukakamiza kupita kukavuula chinangwa, akuti asamangomulondera ngati mwana. Atabwerako anapeza moto wosonkha kuseri, mwamuna ali wefuwefu pamphasa, manja atabisa m'bulangete.

"Ndi mmene tinkachitira ndi makoka a nailoni," anatero Timothy. "Mchere ndi wa thonje. Nailoni imafuna chowawasa, ndi moto wapansipansi, madzi azingofuka nthunzi osabwata, apo ayi yotanukayi imafa. Uzitakasa mpaka madzi ayere, ndiye kuti nsalu yamwa. Harrison ndiye anatiphunzitsa tonse pagombe pano."

"Ndiye kuti chiyani, achimwene?" anafunsa Hellen.

"Ndiye kuti zala zija zinada ndi dayi, akuyesera pa mpenderowu. Ankadziwa kuti akupita. Ankadziwanso pakamwa pako."

Hellen anasendera pafupi. Anayang'ana mpendero uja nthawi yaitali, kenaka anadzifunditsa chitenje kumutu nkutsikira kunyanja osatsanzika. Kupepesa sanapepese.

"Bwanji osangondiuza?" Eunice analira, diresi atalikumbatira pachifuwa. "Munthu iwe, bwanji osangondiuza?"

"Akanayamba bwanji, alamu? Kuuza mkazi wako kanyikidwe ka nsalu ya maliro ako omwe?"

Dengu lija linali likadali pansi pa bedi. Mandimu anali atafota, ena atayamba nkhungu, koma Harrison anagwiritsako ntchito ochepa chabe, ambiri anawasiya. Dayi nayenso anatsala wokwanira kunyika kamodzi kokha.

Timothy anaphula nkhuni zina kuti moto uchepe. Anakhala pansi pafupi ndi ndowa, anatulutsa mpeni wake wotumbulira nsomba, nkuyamba kudula mandimu pakati, limodzilimodzi, kumapatsira mlamu wake. Pamene Eunice ankamiza diresi, iye anapisamo dzanja kuyesa kutentha kwa madzi. Atalitulutsa, anaziyang'ana zala zakezo zili bii, ndipo sanazipukute.