Dengu la Purimu Pakhomo pa Yocheved

Bruria anavula chovala chachikasu cha bungwe lothandiza osauka akadali pamasitepe, n'kuchifinyira m'chikwama. Tsiku la Purimu, chikondwerero cha Ayuda, analidikira ndi mtima wonse chifukwa cha mnzake wa kusunagoge, Yocheved, amene mwamuna wake anachotsedwa ntchito yoyendetsa basi. Ana ake ankagonera buledi ndi tiyi, koma mayiyo akanalolera kufa kusiyana n'kutambasula dzanja. Pa Purimu pokha m'pamene aliyense mu Yerusalemu amatumizira mnzake zakudya, ndipo dengu limalowa m'nyumba popanda wofunsa ngati ndi lachifundo kapena lachinansi. N'chifukwa chake Bruria anabisa nkhuku, mpunga ndi mafuta m'dengu lake, pansi pa timakeke ta ngodya zitatu.

Atangogogoda, anamva wefuwefu kumbuyo. Anali Bambo Pinsker, wapampando wa bungwelo, chisoti chachifumu chapepala chili kumutu, foni ili m'manja. Munthu wake sankapereka ngakhale mpiru wotentha popanda mboni.

"Chovala chija chili kuti, Mayi Bruria? Otithandiza a ku Amerika akufuna zithunzi. Apo ayi, chaka chamawa m'madengumu mudzaikamo mphepo."

"Tsikani, chonde. Si inu nomwe mumatilalikira kuti wolandira asamachititsidwe manyazi?"

"Kamphindi kokha. Akangomwetulira, basi."

Chitseko chinatseguka. Yocheved ataona dengu, nkhope inawala.

"Bruria, mnzanga, wandikumbukira? Taima, nanenso ndikupatse mphatso yako."

Anathamangira m'kati, n'kubwera ndi mbale ya lalanje ndi mabisiketi, pakuti mwambo umafuna zakudya zamitundu iwiri. Bruria anadziwa kuti zimenezo zachotsedwa pakamwa pa ana, koma kukana kukanaulula zonse. Analandira ndi manja awiri.

Apo m'pamene Pinsker, amene anabisala pambali pa khomo, anatulukira, foni m'mwamba.

"Imani pafupi ndi dengulo, mayi, ana nawonso abwere. Musaope, mabanja osowa onse tikuwajambula."

Ana a oyandikana nawo, ovala ngati mafumu ndi asilikali monga mwa mwambo wa tsikulo, anaima chilili pamasitepe. Khomo lapatsidya linatseguka pang'ono. Bruria anapsa mtima, ndipo analakalaka kum'phwanyira foniyo pachipumi. Yocheved anayang'ana Bruria kamodzi kokha, koma kuyang'anako kunamulasa. Kenako ananyamula dengu lija, n'kuliika bwinobwino m'manja mwa mfumu yapepalayo.

"Mwasokera khomo, bambo. Kuno kulibe osowa. Chikondwerero chabwino."

Chitseko chinatsekedwa mwaulemu, osachimenyetsa n'komwe.

"Anthu ena kusayamika," anatero Pinsker, akuwongola chisoti chake. "Nanga chithunzi ndikachipeza kuti?"

Kuseri kwa chitseko kamwana kanafunsa ngati dengu lija libweranso. Bruria anatsika masitepe misozi ili chuchuchu, atanyamula lalanje la ana amene anabwera kudzawadyetsa.