Mapazi a Amayi

Amayi anga, Mayi Jesinta, ndi m'modzi mwa amene anayamba nawo mpingo wa Menonaiti kwathu ku Ndirande, muja tinkapempherera pakhonde, a Yufi a chipani akumasuzumira kuti aone ngati si msonkhano wandale. Ndiye mpingo wathu uli ndi mwambo wake. Tsiku la Mgonero timasambitsana mapazi, abambo kwaokha, amayi kwaokha. Chiyambire utsikana wanga, mapazi a amayi ndinkasambitsa ndine, ine Modesta, mwana wawo wamkazi yekhayo.

Kenaka achimwene anga a Nedson anakwatira Janet wa ku Chirimba. Ee, koma mkazi ameneyo! Kugwada kwake, kuyankhula kwake kwapansipansi ngati wadwala. Ine nditakwatiwa ku Bangwe, iye anatsala pakhomo ndi amayi, ndipo posakhalitsa amayi anayamba kumuitana kuti "mwana wanga". Mwana wawo? Anamubereka liti? Nsanje inandigwira, sindibisa ayi. Maulendo awiri minibasi inandichedwetsa, ndipo polowa m'tchalitchi ndinkapeza Janet atagwada kale, mapazi a amayi ali m'manja mwake.

Ulendo wotsatira ndinati aaa, zimenezo ndiye ayi. Ndinalawirira, n'kukakhala pabenchi la kumbuyo kwa amayi, iwo osandiona. Nyimbo itayamba, Janet anabwera ndi beseni, thaulo lili paphewa.

"Bweretsani kuno, alamu," ndinanong'ona.

"Koma amayi anazolowera…"

"Anazolowera chiyani? Ndati bweretsani!"

Anandipatsa, n'kukakhala kumbuyo. Amayi sanaone chilichonse, paja iwo akayamba kuyimba amatsinzina mpaka nyimbo ithe.

Ndinagwada. Mapazi aja anali otupa, zidendene zili ming'alu yokhayokha. Ndinawasambitsa monga sindinachitirepo, pang'onopang'ono, chala chilichonse pachokha, madzi ndikuthira ndi chikhatho kuti asawadzidzimutse. Chamumtima ndinkati lero amve kusiyana kwa mwana wobereka yekha ndi mwana wa eni.

Amayi anasiya kuyimba. Anaika dzanja lawo paduku langa, maso ali chitsinzinire, ndipo ine mtima unachita kuti myaa.

"Zikomo, Janet mwana wanga," anatero amayi. "Manja akowa ndimawadziwa. Tsiku lina udzamuphunzitseko Modesta. Iye uja amangokwecha ngati akutsuka mbatata."

Azimayi onse apabenchipo anamva. Wina anatsokomola, wina anakweza mawu panyimbo. Nditacheuka ndinaona Janet atazyolika, akuyang'ana pansi. Ndinadikira kuti mwina iye, kapena wina aliyense, anene kuti ayi mayi, ameneyo ndi Modesta. Koma onse anangopitiriza kuyimba.

Ndinapukuta mapazi aja bwinobwino, n'kuwaveka nsapato. Amayi anandigwira pamutu kachiwiri.

"Ambuye akudalitse," anatero. "Kodi mlamu wako wafika, kapena wachedwanso?"